Fayilo ya a Dokotala Daka Sinasowe Yokha

1

Dzina langa ndi Ketilina, koma kuntchito ankanditchula Mayi Miti, dzina la malemu amuna anga. Sukulu ndinalekera giredi 9. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira ntchito ya umesenjala pa yunivesite ina yaing'ono kuno ku Chipata. Dzina lake sinditchula. Ntchito yanga inali kuphika tiyi ndi kunyamula mafayilo kuchoka ofesi ina kupita ina.

Ndiyambe ndafotokoza mmene zinthu zinkayendera. Mphunzitsi wa payunivesite akafuna kuchita kafukufuku, amapempha thandizo ku mabungwe akunja. Iwo amati giranti. Koma pempholo silingatumizidwe lisanadutse pa matebulo anayi: mkulu wa dipatimenti asaine, a Dini, amene amayang'anira madipatimenti angapo, asaine, mkulu wa zachuma asaine, kenako a Rejisitala amenye chidindo. Pakati pa matebulo anayiwo panali miyendo yanga.

Fayilo inkatha kugona milungu itatu pa tebulo limodzi. Bwana ali ku msonkhano ku Lusaka. Bwana ali ku maliro. Bwana alipo, koma lero wadzuka ndi mkwiyo, bwerani mawa. Aphunzitsi ankatuluka imvi akudikira siginecha. Ena ankandigulira chakumwa kuti fayilo yawo ndikaiike pamwamba pa zinzake. Tsiku lomaliza lotumizira likadutsa, aliyense ankaloza mnzake, basi nkhani yatha.

Mafayilo ambiri anafa chifukwa cha ulesi wa anthu. Imodzi yokha inafa chifukwa cha ine, ndipo mlandu wake unagwera mwana wa eni ake amene sanandilakwire chilichonse.

2

Mwanayo ndi Molly Njobvu. Anamulemba ntchito mu 2023 kuti akonze chisokonezo chimenechi, aziwathandiza aphunzitsi pa mapepala a magiranti. Anamupatsa kachipinda kamene tinkasungiramo mipando yothyoka. Tsiku loyamba ndinamuthandiza kusesa.

"Dzina lanu ndani, amayi?"

"Mayi Miti, madamu."

"Madamu tawasiya kunyumba. Ine ndine Molly. Takhalani pansi, mundiuze. Fayilo imafera pati pano?"

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akufunsa wina. Zaka zonsezo panalibe amene anandifunsapo funso la ntchito. Ndinamuuza zonse, tebulo lililonse ndi matenda ake, iye akulemba m'kabuku. Sabata yomweyo anakhoma bolodi pakhoma. Analembapo dzina la mphunzitsi aliyense, tebulo limene fayilo yake yaima, ndi tsiku lomaliza. Mabwana ena bolodiyo sanaikonde, chifukwa aliyense wodutsa ankaona amene wakhalira fayilo ya mnzake.

Pamwamba penipeni panali dzina la a Dokotala Mthunzi Daka, mphunzitsi wa zaulimi. Kafukufuku wawo anali wa chuku, chija chimagwira nshawa (ena amati mtedza) zikasungidwa zisanaume bwino, chimene amati chimadwalitsa ana. Miyezi isanu ndi itatu analimbana nalo pempholo. Dzinja lonse ankapita ku Chipangali, galimoto ikutitimira m'matope, kukatenga makalata ku makalabu asanu ndi anayi a alimi, ena osainidwa ndi chala. Zonsezo zinali mu fayilo imodzi yobiriwira. Tsiku lomaliza linali Lachisanu madzulo, 17 awazi.

Lolemba la sabata imeneyo anandipeza ndikutsuka makapu.

"Mayi Miti, fayilo yobiriwira ija ndi moyo wanga. Isagone panjira."

"Ndamva, a Dokotala."

Sanandiyang'ane m'maso, inenso sindinawayang'ane. Ndi mmene tinkachitira ife awiri pamaso pa anthu.

3

Lachitatu m'mawa kukhitchini kunabwera a Boaz, dalaivala wa yunivesite, munthu woti pakamwa pake sipatseka.

"Mayi Miti, wonjezerani shuga. Mukumana ngati munagula ndinu."

"Mano atha m'kamwamo, a Boaz, mukufunabe shuga?"

Anaseka, nakhala pa kreti. "Mwamva koma? A Daka anu aja akutisiya."

"Anga bwanji?"

"Aa-aa! Komboni yanu ya Kapata ndi yaing'ono, mayi. Galimoto yasiliva ija imaima pageti panu Lamulungu lililonse, imabwera kudzapemphera?"

"Samalani pakamwa."

"Ine sindikuweruzani ayi. Mkazi wamasiye nayenso ndi munthu. Ndikungoti konzekerani mtima. Ndalama za azungu zikabwera, munthu amapita. A Dokotala Mvula ndinawaperekeza ndine, anati chaka chimodzi chokha. Chino chachinayi. Mayi aja a sayansi nawonso, zithunzi zokha pa foni, atavala chijasi. Ine opita ndimawanyamula, koma wobwera sindinamunyamulepo."

Anamwa tiyi wake napita. Ine ndinatsala nditagwira supuni.

Tsiku lomwelo kunali maliro a mkazi wa mlonda wathu. Pa yunivesite ija maliro akachitika maofesi onse amatsekedwa masana, anthu amakwera basi, pamatsala munthu mmodzi woyang'ana makiyi. Tsiku limenelo anali ine. Basi ikuliza hutala panja, Molly anatuluka akuthamanga, chitenje paphewa, fayilo yobiriwira m'manja.

"Mayi Miti, Mulungu ndi wabwino, atatu asaina! Chatsala chidindo basi. Kaiikeni pa tebulo la a Sakala. Akamenya, ndijambula zonse nditumize."

A Sakala ndiwo anali a Rejisitala. Tsono tinali ndi buku limene wolandira fayilo ankasainamo mesenjala akafikitsa. Wopereka sankalemba paliponse. Molly anali atanena kuti zimenezi adzazisintha, koma nthawi inali isanapezeke. Ndiye kuti kuyambira pamene fayilo yalowa m'manja mwanga mpaka pamene ndaifikitsa, panalibe pepala losonyeza kuti ili ndi ine.

Basi inapita. Pasukulu ponse panati zii.

Mesenjala saloledwa kutsegula fayilo. Ine ndinatsegula. Chizungu changa ndi chochepa, koma ndinawerenga zimene ndinatha. Pamwamba panali dzina la dziko la ku Ulaya ndi mbendera yake. Pansi pake panali dzina la a Daka. Kenako nambala: miyezi 36. Ndinawerengera pa zala. Zaka zitatu.

Ofesi ya a Sakala inali pafupi, zitseko zitatu kuchokera pamene ndinaima, ndipo kiyi wake anali m'thumba mwanga. Sindinafikeko.

4

Lachinayi a Sakala anali mu msonkhano tsiku lonse, ndiye Molly anangoganiza kuti fayilo ikudikira pa tebulo. Lachisanu m'mawa anapita kukaitenga. Sinaliko.

Pofika 9 awazi maofesi onse anali atatembenuzidwa. Makabati otsegula, mapepala pansi, ngakhale m'bini anafufuzamo. Ineyo ndinafufuza nawo. Ndinagwada pansi pa matebulo mpaka mawondo kuda.

Molly anandikokera pambali.

"Mayi Miti, ndinakupatsani Lachitatu, si choncho? Basi isananyamuke?"

"Ine ayi."

"Pachitseko paja. Ndinati mukaiike kwa a Sakala."

"Munanenadi kuti mundipatsa, koma hutala italira munathamanga. Onani m'buku ngati muli dzina langa."

Anatsegula buku. Munalibe kanthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kufufuza m'chikwama chake chimene anali atachikhuthula kale kawiri.

Anayesa kupulumutsa zinthu, ndisaname. Anasindikizanso pempho lonse kuchokera mu kompyuta. Koma a Dini anali atanyamuka Lachinayi kupita ku Lusaka, foni yawo siinkalowa. Wachiwiri wawo anati, "Ine sindisaina chinthu chimene sindinawerenge, ndipatseni sabata." Mkulu wa zachuma anati, "Ine ndimasaina pansi pa a Dini, osati pamwamba pawo." A Sakala anaika chidindo patebulo, anapinda manja, akudikira anzawowo. A Boaz anathamangitsidwa ku Chipangali kukatenganso makalata a alimi, koma inali nthawi yokumba nshawa, anthu onse ali kuminda. Anabwera ndi makalata awiri pa asanu ndi anayi, galimoto ili fumbi lokhalokha.

Molly analembera azungu aja kupempha masiku atatu. Yankho linabwera mofulumira, mizere iwiri yokha. Lamulo ndi limodzi kwa onse.

17 awazi inakwana. Khomo lotumizira pa kompyuta linadzitseka lokha.

A Daka sanakalipe. Anatuluka, anakhala pa masitepe a kutsogolo pamene pamakhala ana asukulu, anamasula tayi naipinda bwinobwino ngati akuisunga. Ndinawapititsira madzi. Analandira kapu osayang'ana amene wawapatsa.

5

Lolemba Molly analandira kalata yomuimitsa ntchito. Anati akaonekere pamaso pa komiti pakatha milungu iwiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti komitiyo imuchotsa. Amene ankadana ndi bolodi ija anapeza podyera. "Si uja anabwera kudzatiphunzitsa ntchito? Ife zaka makumi awiri sitinataye fayilo ya munthu." Bodza, koma ankanena mokweza. Tsiku lomwelo wina anafufuta bolodi yonse.

Akutuluka ndi katoni ya zinthu zake, Molly anaima pakhomo la khitchini.

"Mayi Miti, ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikutseka maso ndimaona ndikukupatsani. Koma mwina ndi kutopa, sabata ija sindinkagona. Ngati ndinakunamizirani, mundikhululukire."

Anapepesa iye. Kwa ine.

"Palibe kanthu, mwanangu," ndinatero.

Ndinkadziwa kuti ali ndi mwana wa giredi 2, komanso kuti bambo wa mwanayo anathawa kalekale. Ndinkadziwa kuti nyumba imene ankakhala inali ya lendi. Zonsezo ndinkazidziwa chifukwa ankandiuza yekha tikamamwa tiyi. Koma ndikuuzeni zoona, chifukwa ndi zimene ndalembera kalata ino: sabata imeneyo mtima wanga unali m'malo. Chimene ndinkafuna chinali chitachitika. A Daka sakupita kulikonse.

6

Lamulungu masana galimoto yasiliva inaima pageti panga ku Kapata, monga mwa masiku onse. A Daka anatsika ndi jumbo ya nthochi ndi sopo. Atangolowa m'nyumba anavula nsapato.

"Asisi, amayi adya?"

"Akana phala kuyambira m'mawa. Akudikira iwe."

Tsopano ndikuuzeni chimene a Boaz sankadziwa. Mthunzi Daka si chibwenzi changa. Ndi mlongo wanga, bere limodzi, wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamubereka kumsana kwathu ku Kasenengwa. Chaka chimene thonje la abambo linapsa ndi dzuwa, anati sukulu apitirize mmodzi, ndipo mmodziyo sanali ine. Sindinadandaule. Amuna anga atamwalira, Mthunzi ndi amene anandilankhulira kuti ndipeze umesenjala uja. Koma yunivesite ili ndi lamulo lokana kulowetsana ntchito pachibale, ndiye tinapangana kuti kuntchito iye ndi a Dokotala, ine ndi Mayi Miti. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinamupatsa tiyi mlongo wanga ngati mlendo.

Amayi athu anagwidwa ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo, mbali yakumanzere inafa. Ndinawatenga kumudzi kudzakhala nane. Kuwasambitsa ine, kuwatembenuza ine, kuchapa zofunda ine, m'mawa ndisanapite kuntchito ndi madzulo ndikaweruka. Masana amawayang'ana mayi woyandikana nane. Mthunzi ndi amene ankatha kuwanyamula kuwalowetsa m'galimoto popita kuchipatala, ndipo amayi ankadya bwino akawadyetsa iye. Lamulungu akabwera, ine ndinkalowa kuchipinda kwanga, nkutseka chitseko, nkugona maola awiri osamva munthu akundiitana.

Ndikanakonda kunena kuti ndinabisa fayilo chifukwa chokonda amayi. Mwina ndi zoona pang'ono. Koma nditaona miyezi 36 ija, chimene chinabwera m'mutu mwanga choyamba chinali maola awiri amenewo.

Tsiku limenelo sindinagone. Ndinaima pakhomo la chipinda cha amayi, iye atakhala pa bedi akuwadyetsa nthochi yophwanya.

"Amayi, ndili ndi nkhani," anatero. "Mu Januwale ndikupita ku Kitwe. Ndapeza malo kumeneko."

Amayi anasiya kutafuna. "Kitwe... kutali," anatero, lilime likulemera.

"Kitwe ya chiyaninso?" ndinafunsa ine.

"Kontrakiti yanga ikutha mu Disembala, asisi. Anatiuza kale kuti owonjezeredwa ndi okhawo amene abweretsa giranti. Ija ikanatheka, bwenzi ndili pano zaka zina zitatu. Galimoto yakeyake, labu yoyezeramo nshawa yakeyake. Bwenzi ndikuyenda Chipangali, Kasenengwa, madzulo ndili pano."

"Sunali kupita ku Ulaya?"

Anaseka kuseka kotopa. "Ku Ulaya kukatani? Nshawa zili ku Ulaya? Azunguwo amangotumiza thandizo, ntchito yonse ndi ya kuno."

"A Mvula aja anapita..."

"A Mvula anapita kukaphunzira. Izo ndi zina, izi ndi zina."

Ndinagwira chitseko.

"Bwanji sunandiuze, Mthunzi? Miyezi yonseyi, Lamulungu lililonse uli muno?"

Anapukuta pakamwa pa amayi ndi kansalu, osatembenuka.

"Za kuntchito zija, asisi, mukanazimva?"

Sananene mwachipongwe. Ananena ngati munthu amene akunena kuti kunja kwatentha. Ndipo pansi pa bedi limene anakhalapolo panali sutikesi ya amayi, m'kati mwake, pansi pa zitenje zawo za kutchalitchi, muli fayilo yobiriwira.

7

Sindinamuuze tsiku limenelo. Sindinamuuzenso Lamulungu lotsatira. Ndinkapita kuntchito, kuphika tiyi, kubwera kunyumba, kutembenuza amayi. Ndinaganizapo zoiwotcha fayiloyo pa mbaula, mpaka ndinakoleza makala, koma nditaona zidindo za zala za alimi aja ndinaibweza.

Komiti inakhala Lachiwiri m'mawa. Munali a Sakala, a Dini, mkulu wa zachuma ndi aphunzitsi awiri. Mthunzi anaitanidwa ngati wodandaula. Molly anakhala yekha kumapeto kwa tebulo, atavala diresi la kutchalitchi. Ine sanandiitane. Koma 10 awazi ikakwana komiti iliyonse imamwa tiyi, ndipo wobweretsa tiyi safunsidwa kuti walowa bwanji.

Ndinalowa ndi thireyi. A Sakala anali akuwerenga.

"...ndipo popeza palibe umboni woti fayiloyo inachoka m'manja mwanu, komiti ikuona kuti..."

Ndinaika thireyi pakati pa tebulo. Panalibe makapu. Panali fayilo yobiriwira.

Mthunzi ndi amene anatambasula dzanja, natsegula, nayamba kuwerenga makalata a alimi imodzi imodzi mpaka asanu ndi anayi.

"Mwaipeza kuti, Mayi Miti?" anafunsa a Sakala.

"Sindinaipeze, bwana. Inali kwanga. Molly anandipatsa Lachitatu lija pachitseko, monga ananenera. Ndinapita nayo kunyumba."

"Mwadala?"

"Mwadala."

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

Mmodzi wa aphunzitsi aja ananong'oneza mnzake, koma ndinamva. "Ndi za ku Kapata zija. Akazi akapsa mtima..."

"Si zimenezo, bambo," ndinatero. "A Dokotalawa ndi mlongo wanga. Mayi wathu ndi mmodzi, ali gone kunyumba kwanga. Ndinkayesa kuti pepalali liwatengera ku Ulaya, andisiye ndekha ndi wodwala. Sindinafunse munthu. Ndinalakwa ndine, mtsikanayu alibe mlandu."

A Dini anavula magalasi. "Dokotala Daka, ndi zoona zimenezi? Mayiwa ndi mlongo wanu?"

Mthunzi anatseka fayilo. Ndinaganiza kuti akana.

"Ndi zoona," anatero. Anaimirira, anaika fayilo kukhwapa, natuluka. Podutsa pamene ndinaima anapatuka pang'ono kuti phewa lake lisandikhudze.

Molly sanalire, sanakalipe. Anangondiyang'ana, nati, "Ndinakupepesani, Mayi Miti. Mukukumbuka? Ndipo munalandira."

8

Anandichotsa ntchito sabata yomweyo, ndipo sindinatsutse. Mthunzi analandira kalata yomuchenjeza chifukwa chobisa chibale. Giranti inali itapita kale, azungu sabweza tsiku. Mu Januwale ananyamuka kupita ku Kitwe. Anabwera kudzatsanzika amayi pa nthawi imene ankadziwa kuti ndili kumsika.

Molly anabwerera pa ntchito yake. Patapita miyezi inayi anandipeza pa msika wa Kapata, pamene ndimagulitsa nshawa zokazinga ndi tomato masiku ano. Sanagule kanthu. Anati tsopano fayilo iliyonse imajambulidwa pa tebulo lililonse isanachoke, wopereka ndi wolandira onse amasaina, ndipo bwana akachoka amasiya wina wosaina m'malo mwake. Anati chaka chino magiranti atatu adutsa.

"Ndipo Lolemba lililonse ndimaitana amesenjala, madalaivala ndi alembi," anatero. "Ndimawauza kuti fayilo iyi ndi ya chiyani, ikatheka chichitike ndi chiyani. A Boaz amafunsa mafunso kuposa aphunzitsi."

"Mwandikhululukira?"

"Ayi. Mwana wanga ndinali nditamuuza kale kuti tisamuka. Mwina ndidzakukhululukirani chaka chamawa." Anatembenuka napita. Ndinamulemekeza chifukwa sananame.

Inu amene mukuwerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndinali ndi pakamwa, mlongo wanga ankabwera kwanga sabata iliyonse, funso linali limodzi lokha: kodi ukupita? Sindinafunse chifukwa ndinazolowera kuti zinthu za anthu ophunzira sizifunsidwa ndi ife. Iyenso sananene chifukwa anazolowera kuti ife sitingamve. Ngati kuntchito kwanu kuli munthu amene amanyamula mapepala anu, muuzeni zimene wanyamula. Ngati kwanu kuli munthu amene akusamala wodwala yekha, musadikire kuti anene kuti watopa. Ena sitinena. Timangochita chinthu choipa mwakachetechete, nkumadzadabwa tokha.

Mthunzi amaimba foni Lamulungu lililonse, 14 awazi. Ndikayankha amati, "Apatseni amayi." Dzanja la amayi lamanja layamba kunjenjemera, sangagwire foni okha. Ndiye ndimakhala pa bedi, nkuwagwirira pakhutu. Ndimamva mawu ake akutuluka pang'onopang'ono, akuwafunsa ngati adya, akuwauza za mvula ya ku Kitwe, nthawi zina akuseka. Amalankhula mphindi makumi awiri, mwina theka la ola. Mkono umandiwawa, koma sindisintha dzanja, kuopa kuti angamve kuti ndili pomwepo, nkudula.